Lipoti la Land Rover Series III yomwe inkawira pokwera kuchokera ku Malambo

Galimoto yomwe ndikufotokoza mu lipoti lino inafika pa galaja yanga ku Chipata m'sabata yachiwiri ya Okutobala, nyengo imene dzuwa limaswa mtengo ndipo ngakhale mphepo ya m'mawa imakhala yofunda. Ndi Land Rover Series III yaitali, ya mtundu wa 109, yokhala ndi injini ya dizilo ya masilinda anayi, ya malita 2.25. Magalimoto a mtundu umenewu anapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985, ndipo ambiri mwa omwe akuyendabe kuno kummawa adutsa m'manja mwa amisiri osawerengeka. Eni ake ndi bambo ena achikulire amene amagula chimanga ndi nshawa m'midzi ya m'boma la Mambwe n'kudzagulitsa m'tauni, choncho ulendo wawo wa nthawi zonse ndi wa mumsewu wochoka ku Chipata kupita ku Mfuwe, womwe kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 130.

Dandaulo lawo linali lakuti potsikira kuchigwa cha Luangwa, komwe amati ku Malambo, galimoto imayenda popanda chovuta, koma pobwerera, ikasenza matumba n'kuyamba kukwera zitunda zotulukira ku Malambo, muvi wa geji ya kutentha umakwera pang'onopang'ono mpaka pofiira, kenako madzi amayamba kuwira ndi kutayika. Pa ulendo uliwonse ankaima kawiri kapena katatu kudikira kuti injini izizire, ndipo chigubu cha malita 20 chimene ankanyamula chinkafika kunyumba chili theka. Anali atapita kale ku galaja ina, kumene anachotsa thermostat (kavavu kotsegulira madzi njira yopita ku radiyeta injini ikatentha) n'kuitaya, ndipo vuto litapitirira anawauza kuti gasiketi ya hedi, yomwe imatseka mpata wa pakati pa mutu wa injini ndi buloko, yapsa. Kwa ine anafika gasiketi yatsopano ili m'manja, ikadali m'katoni yake. "Amisiri," iwo anatero, "ine ndagula kale, inu mungomasula hedi mundiikire iyi, chifukwa matumba akundidikira kumudzi ndipo mvula ili pafupi." Ndinawayankha kuti, "Bambo, ndipatseni masiku awiri ndiyambe ndayeza. Ikapezeka kuti ndi gasiketi ndiika yomweyi, ndipo za masiku awiriwo simundilipira."

Chomwe chinandiletsa kumasula hedi tsiku lomwelo chinali m'mawu awo omwe. Nthawi imene injini imatenthera imaloza kumene kutenthako kukuchokera. Injini yomwe imatentha ikaima pamalo amodzi kapena ikamayenda pang'onopang'ono m'tauni, koma n'kuzizira ikathamanga, nthawi zambiri imakhala ikusowa mphepo. Yomwe imawira patangopita mphindi zochepa chiilizireni m'mawa, paipi ya pamwamba itauma gwa, imakhala kuti thermostat yakanirira kapena mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi. Koma yomwe imapirira pamalo osalala n'kugonja pa chitunda itasenza katundu, imasonyeza kuti njira yochotsera kutentha ikugwirabe ntchito, kungoti mphamvu zake zachepa kwambiri moti sizikukwanira pamene injini ikutulutsa moto wochuluka. Galimoto iyi inali m'gulu lachitatuli, ndipo gasiketi yopsa kawirikawiri sisankha chitunda.

Zimene ndinayeza tsiku loyamba

Ndinayamba ndi geji, chifukwa pa Series III muvi umatha kunama. Kuseri kwa mageji kuli kachipangizo kotchedwa voltage stabiliser, komwe kamapereka magetsi a mavoti pafupifupi 10 ku geji ya kutentha ndi ya mafuta yomwe, ndipo kakawonongeka kapena waya wake wa earth akamasuka, mageji onse awiri amakwera limodzi. Ndinafunsa eni ake ngati geji ya mafuta inayamba yasonyeza kuti thanki ndi yodzaza pamene iwo akudziwa kuti mafuta ndi ochepa, ndipo anati ayi. Choyezera kutentha cha infrared, chimene ndinalozetsa pamene paipi ya pamwamba imachokera ku injini, chinagwirizana ndi muvi. Komanso madzi ankatayikadi, choncho geji inkanena zoona.

Kenako ndinatsata nkhani ya hedi, popeza ndiyo inawabweretsa. Oyilo wa pa dipstick anali wakuda monga amakhalira wa dizilo, ndipo pansi pa chitsekero cha oyilo panalibe phala loyera lija lomwe limaoneka madzi akasakanikirana ndi oyilo. Injini itatentha, ku ekizozi sikunatuluke nthunzi. Ndinadzaza radiyeta mpaka pakhosi injini ili yozizira, n'kuiliza chitsekero chili chochotsa, ndipo ine ndi mnyamata wanga wophunzira ntchito tinayang'anitsitsa pakhosipo kwa kotala la ola, iye akuponda mafuta mwa apo ndi apo, koma sitinaone thovu lotuluka mondondozana. Mankhwala abuluu oyezera mpweya wa m'silinda, amene amasintha mtundu utsi wa injini ukalowa m'madzi, anakhalabe abuluu. Pomaliza ndinachotsa ma glow plug (tizipangizo totenthetsa masilinda poliza injini) onse anayi n'kuyeza compression, kutanthauza mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya, ndipo masilinda onse anapereka nambala zoyandikana. Ndikadapeza masilinda awiri oyandikana ali otsika limodzi ndikadavomereza kuti gasiketi yapsa pakati pawo, koma sizinali choncho.

Apa ndinene chifukwa chimene ndinatayira nthawi yaitali chonchi pa chinthu chomwe ndinkachikayikira kale. Hedi ya injini ya dizilo imeneyi ili ndi timaenje toyatsira mafuta totsekedwa ndi tizitsulo totchedwa ma hot plug, ndipo injini ikawira mobwerezabwereza hedi imatha kung'aluka pakati pa mavavu, kapena kachitsuloko kamamasuka. Galimotoyi inali itawira kwa miyezi ingapo. Zinali zotheka kuti vuto linayambira kwina koma lafika kale kuhedi, ndipo sikukadakhala chilungamo kuwauza eni ake kuti agule radiyeta pamene hedi yatha.

Vuto loyamba lenileni linapezeka pa chitsekero cha radiyeta. Rabala yake inali yong'aluka, sipuling'i yake yofooka, ndipo pa pampu yoyezera chinkatulutsa mpweya nthawi yomweyo. Anthu ambiri amachiona ngati chivundikiro cha mphika chabe, koma ntchito yake ndi kupanikiza madzi kuti asawire msanga. Chipata ili pamwamba kupitirira mamita 1,000, ndipo kuno madzi a mumphika wosavundikira amawira pa madigiri pafupifupi 96. Chitsekero chabwino cha 9 psi, chomwe ndicho choyenera pa galimoto iyi, chimakweza malirewo kufika pafupifupi madigiri 110. Injini yosenza katundu pa chitunda imatha kufika madigiri 95 popanda choopsa ngati chitsekero chili bwino, koma ndi chitsekero chakufa pamenepo ndi pamene madzi amayamba kusanduka nthunzi, nthunziyo n'kukankhira madzi kunja, ndipo madzi akachepa kutentha kumakwera msanga kuposa poyamba. Botolo lolandira madzi osefukira linaliponso, koma kapaipi kake kanali koduka, choncho madzi otuluka ankangopita pansi osabwereranso mu radiyeta injini ikazizira.

Kumbali ya mphepo kunalinso zolakwika. Kutsogolo kwa galimoto anamangako kaneti kobiriwira ka ku nazale, kopinda pawiri, n'cholinga chotchinga njere za udzu, ndipo kanetiko kanali katamata fumbi. Nditaunika ndi tochi kuseri kwa radiyeta, kuwala kunadutsa m'mwamba mokha, pamene mmunsi monse munali mutatsekeka ndi njere za udzu zosakanikirana ndi matope ouma a dothi lakuda la kuchigwa. Chotchinga chachitsulo chozungulira fani, chimene timachitcha cowl, panalibe, ndipo mabowo a mabawuti ake anali ndi dzimbiri lakale losonyeza kuti chinachoka zaka zapitazo. Popanda chotchingachi fani imangozunguza mphepo ya m'mbali mmalo moikoka kudzera mu radiyeta. Lamba wa fani anali wosalala ngati galasi ndiponso wolobodoka.

Za thermostat yomwe inachotsedwa

Chizolowezi chochotsa thermostat ndi chofala kuno, ndipo ochita zimenezi amaganiza kuti kudziko lotentha ngati lathu chipangizochi chimangotsekereza madzi. Sindiwanyoza, chifukwa inenso ndinaphunzitsidwa choncho ndili mnyamata, koma pa injini ya 2.25 kuchotsa thermostat kumawonjezera vuto. Pamene imakhala pali njira yachidule, yotchedwa bypass, imene imabwezera madzi ku pampu osadutsa mu radiyeta, kuti injini itenthe msanga m'mawa. Thermostat yoyenera ya injini iyi ili ndi mkombero wachitsulo umene umatseka njira yachiduleyo pamene thermostat ikutseguka, ndipo zikatero madzi onse amakakamizika kupita ku radiyeta. Mukaichotsa njira yachiduleyo imakhala yotseguka nthawi zonse, ndipo madzi, amene amatsata njira yosavuta, amangozungulira mu injini momwemo akutentha. Radiyeta ikakhala yotsekeka pang'ono, monga ndinadzapezera pambuyo pake, madzi opita kumeneko amachepa kwambiri. M'mawa wa mwezi wa Juni injini yopanda thermostat imachedwanso kutentha, imafuka utsi ndi kudya mafuta ambiri.

Ndinaika thermostat ya madigiri 74 yokhala ndi mkombero, nditayamba ndaiyesa mumphika wa madzi otentha kuti ndione ndi maso kuti ikutseguka. Ndinaika chitsekero chatsopano, lamba watsopano womangidwa moti chala chikamukanikiza pakati amalowa pafupifupi sentimita imodzi, ndi kapaipi ka ku botolo. Kaneti tinakachotsa, radiyeta tinaitsuka ndi madzi kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, ndipo cowl ndinaipeza pa Land Rover ina yakufa imene anzanga amaphwasula.

Kuyesa koyamba, ndi pamene ndinalakwitsa

Madzulo a tsiku lachiwiri galimoto inalira pa galaja kwa ola lathunthu muvi uli pakati, ndipo itazungulira m'tauni mpaka ku Kapata ndi kubwerera, sinasonyeze vuto lililonse. Ndinawaimbira eni ake kuwauza kuti ntchito yatsala pang'ono kutha. Kumeneku kunali kufulumira, chifukwa ndinali nditapeza zolakwika zingapo zooneka ndi maso n'kukhutira nazo, osabwerera ku zimene dandaulo linanena, zoti vuto limabwera pa chitunda galimoto itasenza. M'mawa mwake tinakweza matumba a mchenga olemera mofanana ndi katundu wawo wa nthawi zonse, tinatsika mpaka kufupi ndi Jumbe, n'kutembenuka dzuwa lili paliwombo. Pa chitunda choyamba muvi unasuntha pang'ono. Pa chachiwiri, chomwe ndi chachitali, unapitirira pakati n'kumakwerabe, ndipo ndinaima usanafike pofiira. Madzi sanatayike, chifukwa chitsekero chatsopano chinagwira, koma choyezera chinasonyeza madigiri 103 pa paipi ya pamwamba.

Pamenepo, m'mbali mwa msewu, ndi pamene ndinachita chimene ndinayenera kuchita dzulo lake. Ndinazimitsa injini, n'kuyendetsa choyezera pa chisa cha radiyeta kuchokera kumanzere kupita kumanja. M'mbali zonse ziwiri munali motentha moti sungagwire, koma pakati penipeni, malo aakulu ngati zikhatho ziwiri kuchokera pamwamba mpaka pansi, panali pofunda chabe. Ndinamuuza mnyamata wanga kuti aikepo dzanja, ndipo analiika n'kulisiya pompo akundiyang'ana. Radiyeta yabwino imatentha mofanana kuchokera mbali ina kufika ina, ndipo imazizira pang'onopang'ono kuchokera pamwamba kupita pansi. Malo ozizira pakati amatanthauza kuti m'timachubu ta pamenepo madzi sakudutsa.

Zimene zinali mkati

Radiyeta ya galimoto iyi ndi yamkuwa, yolumikizidwa ndi mtovu, choncho imatheka kutsegula. Ndinapita nayo kwa mmisiri wa maradiyeta, amene anasungunula mtovu n'kuchotsa thanki ya pamwamba ine ndili pompo. Pakamwa pa timachubu panali chikhakha choyera cholimba ngati chija chimamera mu ketulo, chosakanikirana ndi dzimbiri lofiira, ndipo pakati panali phala lotuwa louma lomwe linamata timachubu tambiri ngati simenti. Titathira madzi pamwamba, pa timachubu khumi tilitonse madzi ankatuluka mu tinayi kapena tisanu tokha. Mmisiriyo anayesa kutokosa ndi kachitsulo kopyapyala, koma timachubu titatu toyamba tinabooka, chifukwa mkuwa unali utadyeka mpaka kupyapyala ngati pepala. Tinagwirizana kuti kutsuka sikungathandize, ndipo chisa chonse chinasinthidwa n'kuikamo chatsopano cha mizere inayi, matanki akale n'kuwabwezera.

Nditawaonetsa eni ake phala lija pa chikhatho, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Amisiri, umenewo ndi ufa." Anafotokoza kuti chaka chatha radiyeta inadontha ali kutchire, ndipo dalaivala wawo anathiramo ufa wa mgaiwa wodzaza manja awiri kuti atseke podonthapo afike kunyumba. Anafikadi, pobookapo anawotcherera, koma ufawo sunatsukidwe. Ndinawafunsanso za madzi a m'chigubu, ndipo anati amatunga paliponse pamene apeza, pa mjigo, pa chitsime, nthawi zina mumtsinje. Madzi a pansi panthaka nthawi zambiri amakhala ndi mchere wa laimu umene umatsalira pa chitsulo akatentha, ndipo galimoto yomwe imamwa malita 10 pa ulendo uliwonse imalandira mchere watsopano ulendo uliwonse. Chitsekero chakufa chinkataya madzi, madzi owonjezera ankabweretsa chikhakha, chikhakha chinkatseka radiyeta, ndipo radiyeta yotsekeka inkawiritsa madzi ambiri kuposa kale. Dalaivala sindimuimba mlandu pa za ufa, popeza munthu amene wafera galimoto kutchire kumene kuli njovu amachita chimene angathe. Cholakwika chinali kusatsuka atafika.

Kuika radiyeta yatsopano pa injini yakuda mkati ndi kuitseka kachiwiri, choncho ndinatsegula kampopi kotulutsira madzi ka m'mbali mwa buloko. Sikanatulutse ngakhale dontho. Nditatokosa ndi waya munatuluka matope a dzimbiri okhuthala ngati phala la mawere. Ndinachotsa ma core plug (tizitsulo totseka mabowo a njira za madzi pa buloko) a m'mbali, ndipo kumbuyo, kuzungulira silinda yachinayi yomwe ili kutali kwambiri ndi pampu, matopewo anali atadzaza kufika pafupifupi pakamwa pa bowo. Tinatha theka la tsiku tikutokosa ndi kutsuka ndi paipi ya madzi mpaka otuluka anayera. Ma core plug awiri anali atadyeka mkati moti sikuludiraiva inabowola popanda kukakamiza, ndipo onse ndinaika atsopano. Pampu ya madzi nditaimasula ndinapeza mapiko ake atadyeka m'mphepete ndipo beringi ikugwedera, choncho nayo inasinthidwa. Paipi ya pansi inali yofewa, ya mtundu umene umatha kufwaphira injini ikathamanga n'kutsamwitsa pampu, ndipo ndinasintha mapaipi onse awiri.

Zina zimene zimatenthetsa injini ndinaziyang'ana mwachidule. Mabuleki sankagwira okha, timing ya pampu ya dizilo inali pa chizindikiro chake, ekizozi sinali yophwanyika, ndipo mavavu ndinawachuna pa mamilimita 0.25 monga mwa lamulo la injini iyi. Chimodzi chokha chinandidetsa nkhawa: kandodo ka mutu wachikasu kanali kotsitsa, kutanthauza kuti galimoto inkayenda ndi mawilo onse anayi ngakhale pa tara. Pa Series III zimenezi zimalimbitsa mashafuti, zimadya matayala ndi kulemetsa injini. Ndinamuonetsa dalaivala kuti akatuluka mumchenga aime, akokere kandodo kofiira kumbuyo n'kukabwezera kutsogolo, ndipo kachikasu kadzakwera kokha.

Pa za madzi othira, eni ake anadabwa nditatchula antifreeze, ndipo anati, "Kodi bambo, kuno madzi anayamba aundana?" Ndinawafotokozera kuti kuno sitimugulira kuzizira koma mankhwala oletsa dzimbiri omwe ali mmenemo, popeza buloko ndi hedi ya injini iyi ndi zachitsulo chodyeka ndi madzi wamba. Injini imalowa malita pafupifupi 8. Ndinathira gawo limodzi la antifreeze pa magawo awiri a madzi a batire (madzi oyera opanda mchere amene amagulitsa owonjezera mu batire), osapitirira pamenepo chifukwa madzi ndi amene amanyamula kutentha bwino kuposa antifreeze, ndipo ndinawasakanizira chigubu china cha malita 5 choti aziyenda nacho. Mvula ikayamba, madzi a mvula osefa bwino angalowe mmalo mwa a batire.

Kuyesa kwachiwiri ndi zotsala

Tinabwerera pa msewu womwe uja, ndi matumba omwe aja, pa ola lomwe lija, ulendo uno dalaivala ali pa chiwongolero ine ndili pambali. Ndinaona kuti pa chitunda amakakamira giya yachitatu mpaka injini kugogoda, poganiza kuti akusunga mafuta. Injini iyi mphamvu zake ndi mahosipawa pafupifupi 62 okha, ndipo fani ndi pampu zimazungulira ndi lamba, choncho injini ikafooka mu giya yaikulu imatulutsa moto wambiri pamene mphepo ndi madzi zikuyenda pang'ono. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, tsitsani giya chitunda chisanakulemereni, injini izilira momasuka." Pamwamba pa chitunda chachitali chija choyezera chinasonyeza madigiri 88 pa paipi ya pamwamba ndi 77 pa ya pansi, chisa cha radiyeta chinali chotentha mofanana mbali zonse, ndipo m'mawa mwake madzi anali pamlingo womwe tinawasiya. Ndinamuchenjezanso kuti muvi ukadzakwera asadzatsegule chitsekero injini ili yotentha, ndiponso asadzathire madzi ozizira mu injini yowira yozimitsa, chifukwa hedi yachitsulo imang'aluka ndi zimenezi.

Galimoto yayenda maulendo asanu ndi limodzi opita ku Malambo chitulukireni pa galaja, ndipo eni ake akuti awonjezera madzi osakwana kapu imodzi. Gasiketi yomwe anagula ndinawabwezera kuti aisunge pamalo osanyowa, itagona chafulati. Pali zinthu ziwiri zomwe ndikuziyang'anirabe. Core plug ya kumbuyo kwa buloko, imene ili mkati moyang'anizana ndi giyabokosi, sindinaifikire, ndipo popeza anzake anali odyeka ndikuiyesa yodyekanso. Tagwirizana kuti idzasinthidwe tsiku lomwe tidzatsitse giyabokosi kusintha kilatchi, yomwe yayamba kale kuterera. Chachiwiri, injini yomwe inawira kwa miyezi ingapo imatha kuonetsa mng'alu wa hedi mochedwa, choncho galimoto idzabweranso kumapeto kwa Disembala kuti ndidzabwereze kuyeza ndi mankhwala abuluu aja, ndi kukhetsa madzi kuti ndione ngati buloko ikutulutsabe dzimbiri.